KULONDOLA MAPAZI A KOMPYUTA

Pali mau amene amamveka kawirikawiri masiku ano pa mazenera olandirirapo malipiro, m'masitolo, ndi m'timisasa ta ndarama za pa foni. Munthu akadandaula kuti ciwerengero colembedwa pa pepala lace sicigwirizana ndi masiku amene anagwira nchito, kalaliki amamuyankha mwaulemu ndithu, nati, "Pepani bambo, kompyuta yatero." Mlandu nuthera pomwepo. Mwamuna amene kale akadatsutsana ndi kapitao kufikira dzuwa kulowa cifukwa ca tsiku limodzi losalembedwa pa tikiti yace, apinda pepalalo, naliika m'thumba, napita kwao ali cete monga munthu wocokera kwa woombeza ula. Cimene camtseka pakamwa si kuopa kalaliki ai, koma kukhulupirira kuti m'kati mwa makinawo muli nzeru yakuya imene munthu wamba sangathe kuitsata.

Nzeru yotere mulibemo. Muli masamu ang'onoang'ono, osaposa a mwana wa Giredi 2, ocitidwa imodziimodzi mwa liwiro loopsa. Ndipo samu iri yonse imasiya phazi lace, monga ng'ombe yosokera imasiya mapazi m'matope a m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe. Alipo anthu amene nchito yao ndi kulondola mapazi amenewa. Nkhani ino ifotokoza m'mene amalondolera, ndiponso cifukwa cace boma la Chongwe, kumene kuli bwalo lalikulu la ndege ndi sukulu yakale ya aphunzitsi ya Chalimbana, liri nayo mbali pa nkhaniyi.

Poyamba, omvera acikulire akumbukire ndarama zakale. Kufikira pa 16 January 1968, tsiku limene kwacha ndi ngwee zinayamba kuyenda, makobiri 12 anali sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 anali paundi imodzi. Kalaliki wa pa mgodi poonkhetsa 7s. 9d. ndi 5s. 8d. ankayamba ndi makobiri: 9 ndi 8 zikwana 17. Koma pa malo a makobiri sipakadalembedwa 17. Tsono ankalembapo 5, nasunga 1 pambali kuti akamponye ku masheleni. Kumeneko 7 ndi 5 ndi wosungidwa uja zikwana 13, ndipo yankho ndi 13s. 5d. Kalaliki woiwala kamodzi kosungidwako ankadyera munthu sheleni yathunthu, iye mwini osadziwa.

Kompyuta imacita zomwezo, koma iyo siyembekeza kufika pa 12, kapena pa 20, kapena pa 10. Imasunga pambali ikangofika pa 2. Njira yapafupi yomvetsera ici ndi ya osewera nsolo. Munthu akumbe pansi mzere umodzi wa maenje 8. Dzenje la ku mapeto a kumanja mtengo wace ukhale 1, lotsatana nalo 2, linalo 4, kenaka 8, 16, 32, 64, ndipo la ku mapeto a kumanzere 128. Lamulo la sewero limeneli ndi limodzi lokha: dzenje likhale ndi mwala umodzi, kapena likhale lopanda kanthu. Miyala iwiri ikakomana m'dzenje limodzi, yonse iwiri icotsedwe, ndipo mwala umodzi uikidwe m'dzenje lotsatira la kumanzere, limene mtengo wace uposa kawiri. Wofuna kuonetsa 13 aika miyala m'maenje a 8, 4 ndi 1. Pa pepala mwala ulembedwa 1, dzenje lopanda kanthu 0, kotero kuti 13 aoneka motere: 00001101.

M'makina mulibe miyala, muli timaswici tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Ndipo swici imadziwa zinthu ziwiri zokha, kuyatsa ndi kuzimitsa. Ndico cifukwa ca lamulo lija. Dzenje limodzi Angerezi amalicha bit, ndipo mzere wa maenje 8 amaucha byte. Maenje onse akadzaza, mitengo yace pamodzi ikwana 255. Omvera asunge ici m'mutu, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa: mzerewu uli ndi polekezera, ndipo 256 alibemo malo.

Pakati pa kompyuta iri yonse, ndi pakati pa foni iri yonse ya m'thumba, pali kacipangizo kakang'ono ngati cikhadabo, kochedwa purosesa. Ndiko kamene kamacita masamu onse. Kali ndi mizere yowerengeka ya maenje otere, imene Angerezi amaicha register, ndipo mzere uli wonse uli ndi dzina lace. Purosesa siimva Cinyanja, siimva Cisoli, ngakhale Cingerezi siimva. Imamva manambala okha, pakuti ngakhale malamulo amene imapatsidwa ndi manambala. Pa purosesa ya Intel 8086, imene inaturuka mu 1978, ndi imene zidzukulu zace ziri m'makompyuta ambiri a m'maofesi kufikira lero, nambala 176 itanthauza kuti, "Ika nambala yotsatirayi mu mzere wa AL," ndipo nambala 4 itanthauza kuti, "Onjeza nambala yotsatirayi pa zimene ziri mu AL." Cotero wolemba 176, 200, 4, 100 walamula makina kuonkhetsa 200 ndi 100.

Koma ndani angasunge m'mutu manambala mazanamazana otere osawasokoneza? Anthu oyamba kupanga makina amenewa anabvutika nazo ndithu. Mai wina wa ku England, Kathleen Booth, wa pa Birkbeck College mu London, amakumbukiridwa kuti mu 1947 anayamba kulemba malamulo a makina ndi zizindikiro zoti munthu nkuziwerenga. Anali ndi zaka 25 pa nthawiyo, ndipo anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 100. Ku Cambridge mu 1949, David Wheeler anakonza kuti makina ochedwa EDSAC azilandira malamulo ace ndi zilembo zoboola pa lamba wa pepala, A kunena kuonkhetsa, S kunena kucotsera, makinawo nadzisandutsira okha zilembozo kukhala manambala. Kalembedwe kotere ndiko kochedwa cinenero ca assembly. Dzina lakuti cinenero lisasokeretse munthu. Palibe angapereke naco moni kapena kufunsira naco mbeta. Ndi mndandanda wa malamulo afupiafupi, mzere umodzi lamulo limodzi. MOV ndiko kuika, ADD kuonjeza, SUB kucotsa. Purosesa za mitundu ina, monga za ARM zimene ziri m'mafoni ambiri, ziri ndi mau aoao, koma mkhalidwe wace ndi womwewo.

Masiku ano olemba mapulogramu ambiri salemba m'cinenero cimeneci. Amalemba m'zinenero zofupikira ku Cingerezi, monga C ndi Python, ndipo makina ena amamasulira. Anthu a ku migodi adzamvetsa msanga. Manijala pamwamba amanena mau amodzi, kuti mwezi uno paturuke matani akutiakuti. Koma pansi mauwo amasanduka mabowo obooledwa limodzilimodzi, ndi ngolo zodzazidwa imodziimodzi. Matani akaperewera, wofuna coonadi sakhala mu ofesi. Abvala cisoti natsika. Cinenero ca assembly ndico pansi pa mgodi wa kompyuta.

Kalondoledwe kace nkosabvuta, koma kafuna kudekha, monga akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wolondola alemba maina a mizere pamwamba pa pepala. Awerenga lamulo limodzi, nalicita monga lalembedwera, osati monga iye aganizira kuti wolembayo anafuna. Nalemba zimene zatsala mu mzere uli wonse. Pamenepo ndipo apita ku lamulo lotsatira. Cinthu cobvuta koposa kwa munthu wanzeru ndi kudziletsa kulumpha, pakuti yankho amalidziwa kale m'mutu. Makina sadziwa yankho. Wolondola ayenera kudzipusitsa kufikira alingane nao.

Omvera amene ali ndi pensulo pafupi alembe citsanzo ici. Mlimi wa ku Chongwe wapereka matumba 200 a cimanga pa depoti Lolemba, ndi matumba 100 Laciwiri, ndipo makina alamulidwa motere:

MOV AL, 200
ADD AL, 100

Lamulo loyamba liika miyala m'maenje a 128, 64 ndi 8, ndiwo 11001000. Laciwiri libwera ndi miyala ya m'maenje a 64, 32 ndi 4. Mwala wa 4 upeza dzenje lopanda kanthu, nukhala. Wa 32 comweco. Koma wa 64 upeza mnzace alimo kale. Iwiriyo icotsedwa, ndipo umodzi upita ku dzenje la 128. Kumenekonso upeza mnzace. Iwiriyo icotsedwa, ndipo umodzi uyenera kupita ku dzenje la 256. Dzenje limenelo kulibe. Mwala ugwera kunja kwa mzere. M'maenje mwatsala miyala ya 32, 8 ndi 4, ndiyo 44. Mlimi wa matumba 300 walembedwa matumba 44. Ndipo akafunsa, adzauzidwa kuti kompyuta yatero.

Kodi makina alakwa? Iai. Acita ciri conse cimene analamulidwa. Ndiponso mwala wogwera kunja uja sanautaye. Purosesa iri ndi kadzenje kena kapadera, kokhala ngati mbendera ya mlonda wa pa njanji, kamene kamaimikidwa mwala ukasefukira. Kameneko ndiye 1 uja wa kalaliki wosungidwa pambali. Koma mbendera siifuula. Iima cete kufikira wina aiyang'ane, ndipo lamulo lina la masamu likadza, isintha. Wolemba wosamala akadalemba motere:

MOV AH, 0
MOV AL, 200
ADD AL, 100
ADC AH, 0

Lamulo la ADC linena kuti, "Onjeza, nuonjezenso cosungidwa ca pa mbendera." Tsono mzere wa AH, umene unali wopanda kanthu, ulandira mwala umodzi, ndipo popeza AH waikidwa kumanzere kwa AL, mwala umenewo mtengo wace ndi 256. Pamenepo 256 ndi 44 zikwana 300, mlimi nalandira zace. Mizere iwiriyi ikalumikizidwa kukhala umodzi wa maenje 16 imachedwa AX, ndipo isunga kufikira 65,535. Makina a lero ali ndi mizere ya maenje 32 ndi 64, kotero kuti matumba 300 sangawabvute, pokhapokha wolemba atasankha yekha mzere waung'ono. Koma mzere uli wonse, ngakhale utalike bwanji, uli ndi dzenje lotsiriza.

Citsanzo caciwiri ciri ndi msampha wobisika kuposa coyamba. Kuculukitsa ndiko kuonkhetsa kobwerezabwereza. Munthu waganyu alipidwa K7 pa ola, ndipo wagwira maola 3:

MOV AX, 0
MOV CL, 3
BWEREZA: ADD AX, 7
DEC CL
JNZ BWEREZA

Liu lakuti BWEREZA ndi cizindikiro cabe ca malo, monga cikhomo ca pa mphambano. Wolemba asankha yekha dzina lace. DEC icotsa 1. JNZ inena kuti, "Ngati cotsala si ziro, bwerera ku cikhomo." Wolondola alemba: AX ali 0, CL ali 3. Ulendo woyamba, 7 ndi 2, abwerera. Waciwiri, 14 ndi 1, abwerera. Wacitatu, 21 ndi 0, aima. Malipiro K21. Zonse ziri bwino, ndipo mphunzitsi wofulumira akadaconga napitirira.

Koma mwana wina wocenjera angaimike dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga munthuyo akapanda kubwera ku nchito?" Pamenepo CL ayamba ali 0. Makina safunsa kanthu. Aonjeza 7 poyamba, pakuti ndilo lamulo limene apeza. Kenaka acotsa 1 pa 0. Maenje onse ali opanda kanthu, tsono abwereka kwa dzenje la 256 limene kulibe, ndipo maenje onse 8 adzaza: 255. Imeneyo si ziro, cotero abwerera ku cikhomo, nabwereranso, kufikira atazungulira maulendo 256. Munthu amene anagona kunyumba tsiku lonse alembedwa K1,792. Palibe lamulo ngakhale limodzi pa asanu aja limene liri lolakwa pa lokha. Colakwa ciri m'dongosolo lace: funso lakuti "kodi ndi ziro?" lafunsidwa pambuyo pa nchito, pamene linayenera kufunsidwanso isanayambe. Zolakwa zambiri za m'makina nzotere. Zimagona ku mapeto, pa ziro ndi pa dzenje lotsiriza, kumene woyesa waulesi safika.

Kucotsa 1 pa 0 kwaonetsa cinthu cina codabwitsa. Nanga ngongole imasungidwa bwanji m'maenje, popeza kulibe mwala wa ngongole? Opanga makina anapangana kuti, pofuna kusunga manambala a pansi pa ziro, dzenje la ku mapeto a kumanzere liwerengedwe ngati ngongole ya 128, ena onse akhale monga kale. Potero maenje onse 8 odzaza ndi ngongole ya 128 pamodzi ndi cuma ca 127, ndiko kunena ngongole ya 1. Miyala yomweyo, m'maenje omwewo, kwa wina ndi 255, kwa wina ndi ngongole ya 1. Purosesa siidziwa kuti ndi iti, adziwa ndi wolemba. Ndipo pa kawerengedwe ka ngongole, nambala yaikuru koposa ndi 127. Woonjezapo 1 aona miyala ithamangitsana kufikira utatsala umodzi m'dzenje la kumanzere, ndipo mwini cuma ca 127 wasanduka wangongole ya 128 m'kuphethira kwa diso. Madalaivala a malole akale aidziwa nkhani yofanana nayo: kawerengero ka mtunda kakafika pa 99,999 kamabwerera ku ziro, lole yokalamba nioneka ngati yaturuka m'sitolo dzulo.

Wina anganene kuti awa ndi masewera a m'kalasi. Ayang'ane kumwamba. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene linatsegulidwa mu 1967 ndi dzina la Lusaka International Airport, nilipatsidwa dzina latsopanoli mu 2011, liri m'boma la Chongwe, ndipo anthu a ku Kasisi amaona ndege zikutsika pamwamba pa minda yao. Mwa makampani amene ndege zao zimatera pamenepo muli Ethiopian Airlines, imene mu August 2012 inakhala yoyamba mu Africa kulandira ndege ya mtundu wa Boeing 787. Ndege imeneyi imadalira magetsi kwambiri. Pa injini zace ziwiri pali majenereta 4, ndipo jenereta iri yonse iri ndi kakompyuta kace koiyang'anira.

Kumayambiriro kwa May 2015, bungwe la boma la Amereka loyang'anira za ndege, la FAA, linaturutsa lamulo lacangu. A Boeing poyesa m'nyumba yao yoyeseramo anapeza kuti timakompyuta timeneti tikakhala toyaka masiku 248 osazimitsidwa, kawerengero ka m'kati mwace kasefukira, ndipo tizimitsa majenereta. Ngati tonse tinayi tinayatsidwa nthawi imodzi, tikadazimanso nthawi imodzi, ngakhale ndege iri m'mlengalenga. Nanga 248 acokera kuti? Wolondola atenge pensulo. Mzere wa maenje 32, dzenje lotsiriza likakhala la ngongole, usunga kufikira 2,147,483,647. Tsiku limodzi liri ndi masekondi 86,400; ndipo kawerengero koonjeza 1 maulendo 100 pa sekondi kaonjeza 8,640,000 pa tsiku. Kugawa nambala yaikuruyo ndi imeneyi kupatsa masiku 248 ndi theka. Ndico cifukwa akatswiri ambiri, atangomva nambala ya masikuyo, anazindikira mapazi a cirombo cimene acidziwa. Ndi mwala womwe uja wa 127 woonjezedwa 1, koma pa mzere wautali. Palibe ndege imene inagwa naco, pakuti cinapezeka pansi, cisanacitike kumwamba. Mankhwala ace oyamba anali oseketsa pang'ono, omwe aja mwana ali yense amacitira foni ikakanika: makampani analamulidwa kuzimitsa magetsi onse a ndege nthawi ndi nthawi, kuti kawerengero kayambirenso, kufikira pulogramuyo itakonzedwa.

Ena sanacite mwai wotere. Pa 4 June 1996, ku Kourou m'dziko la French Guiana, roketi ya maiko a ku Ulaya yochedwa Ariane 5 inanyamuka ulendo wace woyamba, itasenza masetilaiti 4. Pasanathe mphindi imodzi inapatuka pa njira, nisweka, niphulika. Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi katswiri wa masamu Jacques-Louis Lions, linalondola mapazi cobwerera m'mbuyo, kucokera pa kuphulika kufikira pa malo amodzi m'pulogramu, pamene nambala yokhudza liwiro inakankhidwira mu mzere wa maenje 16 wosunga kufikira 32,767 pokha. Pulogramuyo inatengedwa ku roketi yakale, Ariane 4, imene kaulukidwe kace sikanafikitse nambalayo pa malire. Yatsopanoyo inawapyola.

Kugawa nako kuli ndi nkhani yace, ndipo imeneyi inafika m'thumba la munthu ali yense m'Zambia. Pa 1 January 2013 kwacha inadulidwa maziro atatu, K1,000 yakale nikhala K1, ngwee nibwerera. Mabanki, maofesi a malipiro a pa migodi, ndi masitolo anayenera kugawa ciwerengero ciri conse ca m'mabuku ao. Tsono m'maenje mulibe theka la mwala. Ndico cifukwa olemba osamala amasunga ndarama monga ciwerengero ca ngwee zathunthu. Ngwee imodzi yatsopano inalingana ndi K10 yakale. Munthu amene anali ndi K12,345 yakale, pogawa ndi 10, apeza ngwee 1,234, nipatsala 5. Lamulo logawa, DIV, limaika yankho mu mzere umodzi ndi zotsala mu mzere wina, nileka pomwepo. Kaya theka la ngwee limenelo litayidwe munthu alandire K12.34, kaya likwezedwe alandire K12.35, purosesa iribe nalo maganizo. Ndi munthu amene agamula, ndi munthu amene alemba cigamulo cace m'makina.

Kunena zoona, purosesa yokhayo siphonya samu kawirikawiri. Mwa ici iposa kalaliki ali yense amene anakhalapo. Pepala la malipiro likalakwika, kawirikawiri ndi cifukwa cakuti munthu analowetsa nambala yolakwa, kapena munthu analemba lamulo losayang'ana ku mapeto. Wanchito wa pa zenera sangathe kutsegula makina kuti awerenge MOV ndi ADD. Ngakhale kalaliki sangathe. Koma angathe kufunsa mafunso awiri amene ali nao mayankho: manambala amene analowetsedwa ndi ati, ndipo anawerengedwa ndi lamulo lotani? Akapatsidwa zimenezo, samu yotsalayo aicita yekha kuseri kwa pepala lomwelo. Kalaliki wokana kuyankha sabisala kuseri kwa nzeru ya makina, abisala kuseri kwa mantha a wofunsayo.

Mantha amenewa amayambira ku sukulu, ndipo apa ndi pamene Chalimbana alowa m'nkhani. Mu 2014 phunziro la kompyuta linayamba m'makalasi a Giredi 8, ndipo mu November 2015 a Giredi 9 analemba mayeso ace koyamba. Cinali caka ca kuzimazima kwa magetsi cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba. Makina anali ocepa, ndipo m'sukulu zina ana anayembekeza mpata wao kufikira usiku. Makolo anakwiya, ndipo anali ndi cifukwa. Ambiri anatsimikiza mtima kuti mwana wa ku mudzi sangaphunzire kompyuta popanda magetsi. Pa za kutaipa ndi kugwiritsa nchito mapulogramu, ananena zoona. Miyala siingalowe m'malo mwa makina, ndipo ana ayenera kupatsidwa makinawo. Koma kutaipa ndi khonde cabe la phunziroli. Zonse zimene zafotokozedwa m'nkhani ino, maenje, mbendera, ngongole, cikhomo cobwererako, zingaphunzitsidwe pansi pa mtengo, ndi kamtengo kokumbira ndi miyala yodzaza dzanja limodzi. Kathleen Booth ndi anzace ankalemba ndi kulondola malamulo ao pa pepala, pakuti makina a nthawi imeneyo anali owerengeka pa dziko lonse lapansi.

Sukulu ya Chalimbana inayamba mu 1939 monga sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi, amene mwambo wao unali kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka m'mudzi momwemo. Inakhala yunivesiti mu 2013. Mphunzitsi woturuka kumeneko, akatumizidwa ku sukulu yopanda waya wa magetsi, angathe kuimika ana 8 pa mzere, ali yense dzenje limodzi, wacisanu ndi cinai nagwira nsaru yofiira kukhala mbendera, wina nawerenga malamulo mokweza mau. Ana otere akadzakhala pamaso pa makina eni eni adzawapeza ali alendo pa maonekedwe pokha.

Omvera ofuna kudziyesa akumbe maenje ao madzulo ano, nalondole malamulo awiri awa:

MOV AL, 250
ADD AL, 10

Kuonetsa 250 kufuna miyala m'maenje onse kupatula la 4 ndi la 1. Kuonetsa 10 kufuna wa 8 ndi wa 2. Ayambire kumanja, asalumphe dzenje. Pa dzenje la 8 mwala udzayamba kuthamangitsa anzace, kupyola la 16, la 32, la 64 ndi la 128. Wolondola bwino adzatsala ndi mwala umodzi m'dzenje la 4, ndi wina kunja kwa mzere.